Sabata imene tinaphunzira za kukumbukira

Lolemba ndinali ndi ophunzira a chaka chachiwiri kuno ku Chirunga, pa yunivesite ya ku Zomba, ndipo mutu wathu unali kukumbukira. Ndinawafotokozera za Henry Molaison wa ku America, amene khunyu linamuzunza mpaka mu 1953 madokotala anamuchotsa kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, mbali zonse ziwiri. Kugwa kunachepa, koma zatsopano sizinkakhazikikanso m'mutu mwake. Munthu amene wacheza naye m'mawa, masana ankamulonjera ngati mlendo. Komabe katswiri wofufuza za ubongo, Brenda Milner, atamuyeseza kujambula nyenyezi akuyang'ana pagalasi, dzanja linkazolowera tsiku ndi tsiku, mwini wake osakumbukira n'komwe kuti anayeserapo.

Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, mng'ono wanga anadwala malungo aakulu ali wamng'ono, anakomoka masiku angapo. Pano kusukulu amangoiwala, kunyumba akuti ndi waulesi. Kodi n'zomwezi?"

M'kalasi munangoti zii. Funso limeneli ndi limene limandisowetsa tulo pa kafukufuku wanga. Malungo akafika mu ubongo, maselo ofiira a magazi amene muli tizilombo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono. Mu 2015 ofufuza a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pogwiritsa ntchito makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi, anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi matendawa ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri, mpaka kupanikiza malo amene amayendetsa kupuma. Nanga opulumukawo? Ena amatsala ndi khunyu, ena kuvutika kumvetsera ndi kusunga zimene aphunzira. Mwana wotere akamalalatiridwa kuti ndi mbuli, mtima umandiwawa, chifukwa chimene akusowa ndi mphunzitsi womubwerezera modekha komanso kuonedwa ndi achipatala. Mtsikanayo ndinamuuza zimenezi titatuluka, ndi kuti akafotokozere makolo.

Lachitatu ndi Lachinayi anathera pa kuchonga mayeso ndi misonkhano ya dipatimenti.

Loweruka ndinakwera phiri la Zomba wapansi monga mwa chizolowezi, kudzera ku Ku Chawe mpaka pa damu la Mulunguzi, n'kugula masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Madzulo tinasewera bawo ndi aneba anga, bambo wopuma pantchito amene amawerengera nkhomo zam'tsogolo asanagwire n'komwe njere. Ndinawapempha kuti adzabwere m'kalasi ndi bawo lawo tikamadzaphunzira mmene ubongo umakonzera zochita, ndipo avomera.