Phulusa la ku Iceland landiyendetsa ulendo wa Lilongwe wopanda phindu

Abale sabata ija ya April 2010 sindidzaiwala. Lolemba mpaka Lachinayi zinali zamasiku onse, kutenga alendo ku Chileka, kukawasiya ku Likhubula, kuwapezera ma porter, basi. Gulu lina la azungu 4 a ku UK linakwera phiri la Mulanje ati mpaka akaponde pa Sapitwa, mamita 3,002 aja.

Lachisanu atatsika, mafoni atangogwira netiweki, nkhope zonse zinasintha. Kuphiri lina ku Iceland, dzina lake Eyjafjallajökull (musandiuze nditchule), kunaphulika pa 14 ndiye kuyambira pa 15 ndege zinaletsedwa kuuluka ku UK konse. Ine poyamba ndinaseka kuti phulusa lokhalo? Koma si la pa mbaula ayi, ndi timiyala tating'onoting'ono, tikalowa mu injini ya ndege timasungunuka kenako nkuumanso ngati galasi, injini nkuzima muli m'mwamba.

Mayi wina anandifunsa za sitima poti anzake ku Ulaya akuti akulimbirana ma sitima. Ndinati madam, yathu imachoka ku Limbe kudutsa Balaka kukathera ku Nayuchi, London siidziwa. Bambo wina ndiye anangokakamira kuti ndiwaperekeze pa galimoto ku Lilongwe mwina kumeneko ndege ipezeka. Ndinawauza bwinobwino kuti vuto silili ku Chileka, kwatsekedwa ndi kwanuko, ngakhale mutafika ku Nairobi kapena Johannesburg mukangogona pa mabenchi, bola kudikirira konkuno mukumwa tiyi wathu.

Koma abwana anga eeh. Ati kasitomala satsutsidwa, nyamuka. Ndalama ya mafuta anandipatsa yoperewera, alawansi olo 1 tambala, tayala la sipeya lomwe ndakhala ndikudandaula kuyambira January likadali lakuphwa. Tinanyamuka usiku, Zalewa, Ntcheu, Dedza ndi nkhungu yake ija, ine maso gwa ndikungopemphera tayala lisaphulike. Kufika ku eyapoti m'mawa, mtsikana wa pa kauntala anawauza zomwe ndinanena ine ku Mulanje, mawu ake omwewo. Bambo aja sanandiyang'anenso kumaso.

Tinabwerera Loweruka lomwelo, mafuta obwerera ndinaonjezera zam'thumba mwanga. Ku UK anatsegula Lachiwiri usiku pa 20, alendo anali akudikirabe mipando, ndipo abwana anayamba kundifunsa kuti malisiti a mafuta achuluka bwanji.