Msika wa osewera usanatsekedwe

Foni yayamba kulira kusanache. Anali mnyamata womwetsa zigoli amene akusewera kunja, mmodzi mwa osewera mpira amene ndimawaimira ngati ejenti wawo. Moni sanapereke n'komwe. "Akulu, mwezi wachiwiri watha uwu, malipiro sanalowe. Ndingolongedza katundu ndizibwerako?" Ndamuyankha kuti, "Mphwanga, usasunthe. Mawa ukapezeke pabwalo nthawi yake, uthamange ndi anzako ngati palibe chachitika."

Sanakondwe nazo, ndipo ndikumumvetsa. Koma wosewera akangothawa pa timu ndi mkwiyo, mlandu umatembenuka, wophwanya kontrakiti amakhala iyeyo, ndipo akhoza kulipitsidwa ndalama ndi kuletsedwa kusewera kwa miyezi inayi. Malamulo a FIFA, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, ali ndi njira yake, pa ndime 14bis. Timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera amailembera kalata n'kuipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire zonse. Masikuwo akadutsa osalipira, ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti, ndipo ndalama zake amakazifunsa ku bwalo la milandu la FIFA. Ndiye m'mawa wonse ndathera pa kalata imeneyo, kulemba mwezi uliwonse ndi ndalama zake, tsiku limene anayenera kulipidwa, n'kuitumiza ku adiresi ya imelo imene ili m'kontrakiti momwemo. Uthenga wa pa WhatsApp kwa mkulu wa timu ndi wongochezera. Pa mlandu, choyamba kufunsidwa ndi pepala.

Chakumasana ndakhala pansi ndi wosewera wina, wotchinga kumbuyo, amene matimu awiri akumufuna. Iye mtima uli kale ku timu imene yatchula ndalama zambiri. Tawerenga limodzi mzere ndi mzere, ndipo nkhope yake imasintha tsamba lililonse. Ndalama yaikulu ija ndi yosachotsera msonkho. Pafupifupi theka lake ndi mabonasi amene amabwera pokhapokha akayamba nawo masewero ambiri, pomwe pamalo pakepo pali kale kaputeni wa timu amene kochi sangamukhazike pabenchi. Nyumba azilipira yekha. Ndipo kumapeto kuli kachiganizo kakuti timu yokha ndiyo ingawonjezere kontrakiti ndi zaka ziwiri pa malipiro omwewo, iye osafunsidwa. Ku timu yachiwiriyo ndalama ndi zochepa, koma ndi zolowa m'thumba zonse, nyumba ndi tikiti ya ndege ndi zawo, ndipo ndafunsa osewera awiri amene anadutsako, onse akuti malipiro sachedwa.

Wandifunsa funso labwino: "Nanga inu mupindula kwambiri ndi iti?" Ndamuuza zoona, kuti gawo langa limakula ndi malipiro ake, choncho timu yoyambayo ndiyo ingandinonetse. Komabe ndamulangiza yachiwiriyo. Mnyamata wa zaka 22 akakhala chaka chathunthu pabenchi, chaka chamawa ndilibe kanema woti ndionetse aliyense. Wati akaganize ndi mkazi wake, ayankha mawa.

Anthu akamva kuti ndine ejenti wa osewera mpira, m'mutu mwawo mumabwera Jorge Mendes, amene anayendetsa za Cristiano Ronaldo kwa zaka zambiri, kapena malemu Mino Raiola, amene anamwalira mu 2022. Amakumbukira kuti Paul Pogba atachoka ku Juventus kupita ku Manchester United mu 2016 pa mayuro 105 miliyoni, Raiola anatapapo mamiliyoni ambirimbiri. Nkhanizo ndi zoona, koma anthu otero ndi owerengeka. Ambirife timadya pa tizigawo ting'onoting'ono ta malipiro a anyamata amene maina awo sadziwika kunja kwa ligi yawo, ndipo wosewera akapanda kulipidwa nafenso tagona ndi njala. Ntchito yonseyi inakula chifukwa cha munthu amene sanalemere nayo, Jean-Marc Bosman wa ku Belgium. Kontrakiti yake ku RFC Liège itatha mu 1990, timuyo inatsekereza ulendo wake wopita ku timu ya Dunkerque ya ku France, iye n'kukasuma. Mu 1995 khothi la mayiko a ku Ulaya linagamula kuti pakati pa mayiko a m'bungwe la European Union, wosewera amene kontrakiti yake yatha achoke popanda timu yatsopano kulipira kanthu. Kuyambira pamenepo osewera anayamba kukhala ndi mawu pa zokambirana, ndipo anafunika anthu owalankhulira.

Chimene chandidyera mtima lero ndi bambo wina amene anabwera madzulo ndi mwana wake wa zaka 16. Anandionetsa kalata pa foni, ya chidindo chokongola cha timu ina ya ku Ulaya, yoitana mwanayo kukayesa mwayi. Munthu amene anawatumizirayo, wodzitcha ejenti, akufuna ndalama za viza, za inshuwalansi ndi za "kulembetsa", zitumizidwe sabata ino malo asanatengedwe ndi wina. Bamboyo anali atayamba kale kukongola kwa abale.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, munthu ameneyu anamuonapo mwanayu akusewera?" Ayi, anangoona kanema pa Facebook. Ndinatsegula mndandanda wa maejenti a chiphaso pa tsamba la FIFA, dzina lake palibe. Chiphasocho sichigulidwa pamsewu. FIFA inachotsa mayeso mu 2015, ntchito inalowa chisawawa, ndipo mu 2023 inawabwezeretsa: mafunso 20 pa ola limodzi, ukhoze 15. Pa mayeso oyamba a mu April chaka chimenecho, pafupifupi theka la olemba analakwa. Kenako ndinawafotokozera ndime 19, yoletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina. Zololedwa zilipo zochepa, monga makolo akasamukira kumeneko pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena mwana wa zaka 16 mpaka 18 akamasuntha pakati pa mayiko a m'bungwe la European Union. Lamuloli linaluma ngakhale zimphona. Barcelona inaletsedwa kulembetsa osewera atsopano chifukwa cha nkhani ya ana mu 2014, Chelsea mu 2019. Timu yoona singaike mutu wake pangozi yotere chifukwa cha kanema wa mphindi zitatu, ndipo timu imene ikufunadi mwana siuza makolo kuti atumize ndalama kwa munthu wapakati.

Bamboyo anakhala chete kwa nthawi. Kenako anati, "Ndiye mukutanthauza kuti mwana wangayu alibe luso?" Apa ndiye povuta pa ntchito yathu. Za luso sindinanenepo kanthu, chifukwa sindinamuonepo. Ndinawalonjeza kuti Loweruka ndikamuonera ku timu yake ya achinyamata, ndipo ndikawauza zimene ndaona popanda kukometsa. Mwanayo sanayankhule chilichonse, amangoyang'ana nsapato zake. Ndikuganiza kuti wandida, poti ndege imene anaikwera kale m'maloto ndaitsitsa ndine.

Usiku uno ndabwerera ku za wotchinga kumbuyo uja, chifukwa msika ukutsekedwa posachedwa. Akasankha mawa, patsala kupimidwa ndi dokotala, kusaina, kenako matimu onse awiri alowetse zonse mu TMS, makina a pa intaneti a FIFA amene kusamuka kulikonse kwa pakati pa mayiko kumadutsamo. Zimene timu yogulitsa yalemba zikasiyana ndi za timu yogula, ngakhale tsiku limodzi lolipirira, makinawo amakana ndipo chikalata chosamutsira wosewera sichituluka. Mu 2017 mapepala a Adrien Silva, wochoka ku Sporting kupita ku Leicester City, anachedwa ndi masekondi 14 okha, ndipo anakhala osasewera mpaka January. N'chifukwa chake mlembi wa timu ndimamuimbira kawirikawiri kuposa mwini timu. Ndamutumizira kale pasipoti ndi zikalata zonse kuti zikhale pafupi, ndipo ndamupempha kuti dokotala amusungire mpata wa m'mawa, osati wa madzulo.

Wa zigoli uja watumiza uthenga posachedwapa kuti mkulu wa timu wamuitana mu ofesi mawa, kalata yafika. Ndamuuza kuti akamvetsere mwaulemu, koma asakasaine pepala lililonse ndisanaliwerenge, makamaka lonena kuti walandira zonse.