Zikomo abambo a mapaipi a ku Chankhanga

Ndikuthokoza abambo ena a kuno ku Chankhanga, m'tauni ya Kasungu, amene akana kuti ndiwatchule dzina.

Khoma la pakati pa bafa ndi chipinda cha amayi anga linanyowa mpaka penti kusupuka, chuku n'kumera. Amayi anali atangotuluka m'chipatala ndi chifuwa, choncho tinawasamutsira pabalaza. Ena ankati tigumule khoma lonse, koma ndalama yake ndinalibe.

Abambowa atamva, anabwera okha, ndipo sanathamangire hamala ayi. Anati titseke mipope yonse, iwo n'kukayang'ana mita ya madzi. Sinkayenda. "Mwananga, paipi yobweretsa madzi ili bwino," anatero. Kenako anatseka pomwe madzi amatulukira, n'kuthira madzi pansi ndi chidebe, kuti aone ngati akulowa m'mipata ya matailosi. Madzi sanatsike. Pomaliza anatsegula shawa, n'kuwalitsa tochi pomwe kapaipi kake kamalowa m'khoma. Apo ndipo panali vuto! Polumikizira pankadontha, madzi n'kumabwerera m'khoma nthawi yokhayo imene munthu akusamba.

Anamasula kapaipiko, n'kukulunga tepi yoyera ija pamazinga, n'kumanganso. Ndikuthokozanso mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe amene anapalasa njinga kukagula tepiyo.

Ndalama anakana, anangomwa tiyi. Imene ndikanawonongera khoma ndagulira mankhwala ndi chakudya cha amayi. Khoma lauma, tapakanso penti, ndipo amayi abwerera kuchipinda kwawo, akugona pabedi pawo popanda fungo la chinyezi. Ati ndikuuzeni kuti amakutchulani m'mapemphero awo. Zikomo kwambiri, bambo.