Masiku anayi ku Joni, dzanja lili pakhoma

Atcheya anandipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Johannesburg kuti anzathu amene munatsala mumveko zomwe tinaona. Tinali anthu 14 a m'gulu lathu la amisiri: omanga nyumba, akalipentala, wowotcherera zitsulo mmodzi, ndi amayi awiri ojambula mapulani. Tinakhalako masiku anayi kumapeto kwa Okutobala. Ine ntchito yanga ndi yomanga, choncho lipotili ladzaza njerwa ndi miyala. Paliponse pomwe tinaima, dzanja langa limathamangira pakhoma.

Wotiperekeza anali bambo wachikulire wobadwira komweko. Ife timayembekeza kuti ayambira ku nyumba zitalizitali zomwe timaziona pa zithunzi, koma iwo anatitengera kumadzulo, ku Langlaagte, komwe wofufuza miyala wina, George Harrison, adapeza mwala wa golide mu 1886. Malowo lero ndi achabechabe, udzu ndi maenje akale basi. Tili pomwepo anatilozera zitunda zachikasu zomwe zandanda kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo. Si mapiri ayi, ndi dothi lomwe lidatuluka m'migodi. Anatiuza kuti mzere umenewu tiusunge m'mutu, chifukwa chilichonse chomwe tione chikhala kumpoto kapena kumwera kwake, ndipo mbali yomwe munthu adaloledwa kukhala ndiyo idamusankhira nyumba yogona. Mizinda ikuluikulu yambiri idakula pafupi ndi nyanja kapena mtsinje. Uwu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 popanda mtsinje waukulu, ndipo madzi ake ambiri amachokera kutali, ku damu la Vaal. Chidaubala ndi golide yekha.

Titalowa m'tauni, mmodzi wa amayi a mapulani aja ndiye anayamba kudabwa kuti mphambano zachuluka chotere bwanji, munthu ukangoyenda pang'ono wafika pa ina. Yankho lake ndi ndalama. Boma la Paul Kruger, pulezidenti wa Mabunu ku Transvaal nthawi imeneyo, lidadula tauniyo pa kamalo ka ngodya zitatu kotchedwa Randjeslaagte, komwe kadatsala pakati pa mafamu, ndipo puloti ya pakona imagulidwa mokwera kuposa zinzake. Kuchulukitsa makona kudali kuchulukitsa phindu. Ambiri samakhulupirira kuti msasa wa okumba golide ukhalitsa. Papita zaka zoposa 130, koma maminibasi a lero akuthithikanabe m'timisewu tomwe tidalembedwa ndi maganizo amenewo.

Nyumba za m'tauni tinaziona mothamanga, ndipo nditchulapo zochepa. Positi ofesi yakale ya pa Rissik Street, ya mu 1897, idapsa mu 2009 koma makoma ake adapirira moto, ndipo mizere ya njerwa zake ndi yowongoka mpaka lero. Anstey's Building ya m'zaka za m'ma 1930 imanka nichepa ikamakwera, ngati masitepe olowera kumwamba, ndi makona ozungulira omwe pulasitala wake adafuna dzanja lodekha. Chancellor House, komwe Nelson Mandela ndi Oliver Tambo adatsegula ofesi yawo ya maloya mu 1952, ndi kanyumba wamba koyang'anizana ndi khoti la majisitireti, koti mutha kukapitirira osakazindikira. Kenako Carlton Centre, ya mu 1973, yosanja ka 50, kutalika mamita 223, yomwe kwa zaka zambiri inali yayitali kuposa nyumba zonse za maofesi mu Africa. Hotela ya pambali pake idatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, pomwe makampani amasamuka kuthawira kumpoto.

Kusamuka kumeneko kudasiya bala. Tinadutsa nyumba zosanja zomwe eni ake adazitaya, mawindo otsekedwa ndi makatoni, mawaya a magetsi akulendewera, mkati muli mabanja odzaza. Mu Ogasiti 2023 moto udapha anthu oposa 70 m'nyumba ina yotere ku Marshalltown. Wowotcherera zitsulo wathu anayang'ana mageti okhoma pa makomo otulukira, n'kupukusa mutu osayankhula. Tonse tikudziwa kuti khomo lothawira moto likatsekedwa, nyumba yasanduka msampha. Chomwe chinatitonthozako ndi Ponte, nyumba yozungulira ya ku Berea ya mu 1975, yosanja ka 54, yokhala ndi chibowo pakati kuchokera pansi mpaka pamwamba. Nthawi ina zinyalala zidaunjikana m'chibowomo mpaka kukwirira nsanjika zingapo. Adazichotsa, anthu akukhalamo bwino. Tinaima pa thanthwe la pansi pake n'kuyang'ana kumwamba, thambo likuoneka ngati kamwa la chitsime.

Tsiku lachiwiri tinakwera kumpoto, ku Parktown, ndipo zinali ngati talowa dziko lina. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, misewu yonse ili buu. Kuno ndi komwe eni migodi adamanga nyumba zawo, pamwamba pa chitunda, atafulatira fumbi ndi phokoso la zigayo za miyala. Wojambula mapulani Herbert Baker, yemwe adajambulanso nyumba za boma za Union Buildings ku Pretoria, adamanga nyumba yakeyake kuno mu 1902, yotchedwa Stonehouse, kenako Northwards mu 1904, pogwiritsa ntchito miyala yophwanyidwa pa chitunda chomwecho. Apa ndiye ndinachedwetsa gulu. Mwala uliwonse wasemedwa mbali yokhalira yokha, nkhope yake yasiyidwa momwe idabadwira, ndipo matope pakati pake ndi ochepa zedi. Nyumbayo imaoneka ngati yamera pa thanthwe. Ntchito yotere siitheka mothamanga, ndipo ndimavula chipewa kwa amene adaigwira. Koma zikwangwani zomwe ndinawerenga zimatchula wojambula pulani ndi mwini nyumba. Amene adaphwanya miyalayo ndi kuisenza kukwera nayo chitunda sindinawapeze dzina lawo. Ngakhale mitengo ili ndi mbiri yake: dera la Saxonwold lidayamba ngati nkhalango yodzalidwa kuti ipereke mitengo yochirikizira migodi.

Masana tinapita ku Constitution Hill, ndipo kwa ine pamenepa ndiye panali pamtima pa ulendo wonse. Ndi ndende yakale yomwe idayamba m'nthawi ya Kruger n'kutsekedwa mu 1983. Mbali ya amuna akuda imatchedwa Number Four. Mahatma Gandhi adatsekeredwapo pa Constitution Hill pomwepa, Mandela chimodzimodzi, ndipo ku ndende ya amayi kudalowa Albertina Sisulu ndi ena ambiri, ochuluka mwa iwo chifukwa cha malamulo a mapasi, ziphaso zomwe anthu akuda amakakamizidwa kuyenda nazo. Tinalowa m'tizipinda ta chilango, topanda zenera lenileni, zitseko zachitsulo zili ndi zolemba zomwe akaidi adakanda. Thupi linandichita tsemwe.

Pambali pomwepo adamangapo khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe lidatsegulidwa mu 2004. Adagwetsa nyumba yomwe imasunga oyembekezera kuzengedwa milandu, koma njerwa zake sadazitaye. Adazimangira khoma la m'chipinda chozengera milandu ndi masitepe a panja. Amene mwagwirapo njerwa zakale mukudziwa kuvuta kwake: kuzichotsa osaziswa, kupala matope akale imodziimodzi, kusankha zolimba. Kugula zatsopano kukadakhala kophweka. Khomalo sadalipake pulasitala, ndiye oweruza 11 amakhala tsiku ndi tsiku pamaso pa njerwa zomwe zidamva kulira kwa akaidi. Polowera pali mizati yopendekeka ngati mitengo, chifukwa ojambula pulani amafuna kukumbutsa za milandu yokambidwa pansi pa mtengo. M'chipindamo muli kazenera kakatali kolingana ndi msewu, koonetsa miyendo yokha ya odutsa, osadziwika kuti ndi wolemera kapena wosauka. Mkulu wina wa akalipentala anaima nthawi yaitali pa zitseko zamatabwa zomwe adasemapo maufulu 27, akusisita ndi chala.

Tsiku lachitatu tinayambira ku Sophiatown, limodzi mwa madera ochepa komwe munthu wakuda amatha kugula puloti ndi kukhala nayo ngati yake. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 adafika m'mamawa n'kuyamba kusamutsa anthu kupita ku Meadowlands. Nyumba zidagwetsedwa, pamabwinjapo padamangidwa dera la azungu lomwe adalitcha Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina lakale lidabwerera mu 2006. Zomwe zidapulumuka ndi zowerengeka, monga tchalitchi cha Christ the King komwe adatumikira wansembe wotsutsa tsankho Trevor Huddleston, ndi nyumba ya Dr A.B. Xuma, yemwe adatsogolerapo chipani cha ANC. Ukamayenda m'misewumo palibe chokuuza kuti pansi pa kapinga pali maziko a nyumba za anthu ena.

Kuchoka apo tinawoloka mzere wa migodi uja kulowa ku Soweto. Dera lake la Orlando lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo dzina lakuti Soweto lidabwera mu 1963. Boma lidamanga tinyumba zikwizikwi pa pulani imodzi, zipinda zinayi, pafupifupi masikweya mita 40, denga la asibesitosi, tomwe eni ake amatiyerekeza ndi bokosi la machesi. Pano gulu linagawanika. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anati, "Koma madala, njerwazi zidamangidwa bwino, zaka zonsezi sizinang'aluke." Mkulu wa akalipentala uja anayankha kuti, "Achimwene, khola la ng'ombe nalonso limamangidwa molimba. Funsani kuti mwini nyumbayi amaloledwa kuigula kapena ayi." Ine ndinali mbali ya akuluwo, ngakhale mnyamatayo sananame pa za njerwa. Kwa zaka zambiri anthuwo adali alendi a boma, ololedwa kukhala pafupi ndi mzinda chifukwa cha ntchito yawo basi. Chomwe chinandikondweretsa ndi zomwe achita nazo tinyumbato chitengereni umwini: uyu wawonjezera khonde, uyu wakweza nsanjika, wina wamanga mpanda wa njerwa zokongoletsa. Ukayang'anitsitsa, kabokosi kakale kaja umakaonabe pakati.

Tinaona nyumba nambala 8115 pa Vilakazi Street komwe Mandela adalowa mu 1946, malo okumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu anzake omwe apolisi adawaombera pa zionetsero za pa 16 June 1976, omwe adamangidwa ndi njerwa zofiira zofanana ndi nyumba zoyandikana nazo, ndi tchalitchi cha Regina Mundi chomwe chikadali ndi zipsera za zipolopolo. Nsanja ziwiri za Orlando, zomwe lero ndi zopakidwa utoto wowala, zinali za fakitale yopanga magetsi a mumzinda, pomwe nyumba zambiri za pansi pake zimaunikira makandulo. Ku Kliptown sitinafike. Mvula yamatalala inatipeza madzulo, msewu n'kudzaza madzi, ndipo tinagwirizana zobwerera.

Za Sandton, dera la maofesi kumpoto kwa mzindawu, sindinena zambiri. Ndi magalasi ndi zitsulo, msika wa masheya udasamukira kumeneko mu 2000, ndipo nyumba ya The Leonardo idapitirira Carlton kutalika. Ukangowoloka msewu waukulu wa M1 wafika ku Alexandra, dera la mu 1912, komwe zisakasa za malata zagundana denga ndi denga. Ambiri amene amasesa maofesi a ku Sandton amayenda pansi kuchokera kumeneko m'mawa uliwonse.

Tisananyamuke, wotiperekeza anatitengera ku Newtown, ku komboni yakale ya antchito a khonsolo ya mu 1913, yomwe tsopano ndi Workers' Museum. Kunja kuli tinyumba ta amisiri achizungu tokhala ndi makonde. Mkati mwa mpanda muli zipinda zazitali momwe amuna akuda ochokera kutali amagona, opanda akazi kapena ana awo, pa mabedi a konkire ogundana, ena pa matabwa pamwamba pawo. Palinso kachipinda kotsekeramo olakwa. Ambiri mwa ife tili ndi agogo omwe adapita ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo makomboni a kumigodi komwe iwo amagona adali a mtundu womwewu. Anabwerako ndi masutikesi, mabulangete ndi chifuwa, koma za pogona samakamba.

Mkulu wa akalipentala uja anatulutsa tepi m'thumba n'kuyeza bedi limodzi, m'litali ndi m'lifupi. Analemba manambalawo m'kabuku kake. Kenako anavula chipewa, n'kutiuza kuti bambo awo adagwira ntchito kumigodi zaka 9. Tinawasiya okha m'chipindamo, ife n'kukawadikira pa geti mpaka minibasi itafika.