Kope langa la dimba ndi nkhuku

Chaka chatha ndinagula kope la ana asukulu n'kulemba pachikuto kuti "Dimba ndi nkhuku". Ndinkafuna kusiya kuyendera masamba ndi mazira ku msika wa Mpondabwino kuno ku Zomba tsiku ndi tsiku, ndizidzidalira. Poloti yathu ku Matawale si yaikulu, komabe kuseri kwa nyumba kunakwana mabedi asanu ndi khola la nkhuku 12. Dzulo ndinaliwerenga kopelo kuyambira koyamba, ndipo pena ndimadziseka ndekha.

Patsamba lachitatu pali mawu awiri okha: "Mpiru wapserera." Ndinali nditasesa m'khola, zitosi n'kukathira pabedi tsiku lomwelo, mtima uli m'malo kuti feteleza wa m'sitolo ndathana naye. Sabata isanathe mbande zinali zofiirira. Agogo a kuseri kwa mpanda wathu anasuzumira nati, "Mwanawe, zitosi zimayamba zagona kaye." Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake: zitosi zaziwisi zili ndi nayitrojeni wambiri ndipo zimawotcha mizu yanthete. Pano ndimaziunjika pamodzi ndi udzu wouma ndi zinyalala za m'dimba, ndimawaza madzi, n'kumatembenuza pakatha milungu iwiri iliyonse. Mulu ukasiya kutentha mkati, fungo litasanduka la dothi, ndiye kuti manyowa apsa. Kwa ine zimatenga miyezi iwiri kapena itatu.

Za masamba sindichulutsa. Repu, mpiru ndi chayinizi zimakondwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Ikafika Okutobala nsabwe zimadzadza kunsi kwa masamba. Tomato wa m'dzinja ndinamulephera, mvula ya pansi pa phiri la Zomba inamubweretsera chiwawu. Amene sanandikhumudwitse ndi bonongwe, yemwe sindinamudzale n'komwe. Bilu ya madzi nayo inandiphunzitsa kuphimbira mabedi ndi udzu komanso kuthirira ndi madzi otsukira mpunga.

Masamba a kope amene ndinachedwapo ndi a Seputembala. Ndinagula tambala wokongola pamsika, madzulo omwewo n'kumuika m'khola ndi zinzake. Patapita masiku ochepa nkhuku zinayamba kuodzera, mapiko ali gwede ngati zavala jekete, zitosi zobiriwira, zina khosi litapindika. Chitopa. Ndinayesa tsabola, ndinayesa makapusozi m'madzi akumwa, zisanu ndi ziwiri zinapitabe. Mlangizi wa ziweto anandiuza mosabisa kuti chitopa ndi vayirasi, chilibe mankhwala ochiza, ndipo makapusozi anga ndinangotaya ndalama. Chomwe chilipo ndi katemera. Katemera wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye, kubwereza miyezi inayi iliyonse, ndipo amapatsa nkhuku zomwe sizinadwale. Nkhuku yachilendo izikhala payokha milungu iwiri isanasakanikirane ndi zinzake. Zonsezi ndinazilemba ndi zilembo zikuluzikulu, mochedwa.

Apa ndi pomwe kudzidalira kwanga kunagwedezeka. Botolo limodzi la katemera limakwanira nkhuku zambiri kuposa zanga, ndipo likatsegulidwa silichedwa kutha mphamvu. Komanso nkhuku za m'dera lathu zimadutsa pansi pa mipanda ngati palibe mwini, zimadyera pamodzi kudzala. Kutemera zanga zokha sikukanachotsa chitopa pakhomo. Ndinachita kuyenda khomo ndi khomo, ine amene ndinkangopereka moni wapamsewu. Makomo asanu ndi limodzi tinasonkha, tinatemera Loweruka limodzi m'mamawa nkhuku zisanatuluke. Ana ndiwo ankagwira, agogo aja akuwerenga.

Zotsala zija zaswana. Ndinawonjezera misoti itatu ya Mikolongwe, nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp zija. Zimaikira bwino koma zanga sizikonda kufungatira, choncho mazira ake ndimaikira thadzi lachikuda, pakatha masiku 21 anapiye ali piyepiye. Masamba ndasiyadi kugula, kupatula anyezi ndi tomato wa m'dzinja. Chakudya cha nkhuku chokha ndiye sindinachipezere njira: madeya ndimagulabe kuchigayo, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikasowa, mtengo wake umaluma.

Patsamba latsopano ndalemba tsiku la katemera wotsatira ndi makomo amene asonkhe. Awonjezekapo awiri, limodzi mwa makomowo ndi la bambo amene poyamba anandibweza pageti.