Tsiku limene ndinawotcha Churchill pa ekizozi

Poti chithunzi cha ndalama zanga zosungunuka chija mwatumizirana kale, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti "a gavanala a banki", ndibwino ndifotokoze ndekha musanathiremo zanu. Choyamba, ndalama zija sindinaziike m'kati mwa ekizozi ya njinga yamoto. Amene akufalitsa zimenezo ndi wabodza. Ndinaziika pambali pa ekizozi. Ziwirizi n'zosiyana.

Ndipo musaganize kuti ndinachita mosalingalira. Vuto langa linali kulingalira mopyola muyezo. Ndinali ndi ndalama za mitundu iwiri, madola a ku America ndi mapaundi a ku Britain, zoti ndizikasintha m'malire. Ndinali nditawerenga kuti dola ndi nsalu ndithu: pa magawo 100, magawo 75 ndi thonje, 25 ndi ulusi wa linen. Mapaundi ndiye ndi apulasitiki, luso lomwe Australia inayamba mu 1988, Bank of England, banki yomwe imatulutsa mapaundiwo, n'kudzatengera mu 2016. Ndiye ine mwana wa sukulu ndinati: pulasitiki saopa madzi, apite pansi kumene kumathovukira matope. Thonje limanyowa, lilowe mu jombo momwe muli mouma. Wakuba amapisa m'thumba, amatsegula chikwama, amakweza mpando wa njinga. Koma ndi wakuba uti angapise dzanja pa ekizozi? Mfundo imeneyi mpaka lero palibe waitsutsa.

Mapaundi ndinawapinda bwinobwino m'kachitini, n'kukamanga ndi waya kuseri kwa kachitsulo kotchinga kutentha kaja. Madola ndinawakulunga m'kajumbo, n'kuwapondera pansi pa phazi lakumanzere.

Mvula inayamba masana, ya madontho obaya ngati misomali. Kenako msewu unalowa mumtsinje wopanda mlatho, madzi n'kufika m'maondo, jombo zonse thoo. Kuyambira pamenepo phazi lililonse ndikasuntha limangoti tchwa tchwa, ine mtima uli pa madola basi. Mapaundi sindinawaganizeko ngakhale kamodzi. Kafungo ka pulasitiki wopserera ndinakamva ndithu, koma ndinangoti pali jumbo yamatirira penapake, ndipo ndinatukwana anthu otaya zinyalala mumsewu. Ndinawatukwana kwa mtunda wautali, amwene.

Nditafika pogona ndinavula jombo manja akunjenjemera. Kajumbo kaja kanali katabooka kalekale. Benjamin Franklin wa pa madola 100 uja anali atamira tsiku lonse m'madzi amtsinje osakaniza ndi thukuta la phazi langa, koma anatuluka wamphumphu: osang'ambika, inki osasungunuka, akundiyang'ana ndi kamwa yake yotseka ija ngati munthu amene waona zambiri koma wasankha kusalankhula. Ndinawamatula mmodzimmodzi n'kuwayanika pa chingwe pamodzi ndi sokosi. Fungo lokha ndilo linali mlandu.

Ndili wokondwa chomwecho, ndinatuluka kukatenga kachitini. Utoto wake unali utatuwa. Chivindikiro chinakana mpaka ndinachitema ndi sipanala.

Anzanga, ndinaika ndalama khumi ndi ziwiri. Ndinatulutsa chinthu chimodzi. Chinali chibulumwa cholimba, chokhwinyata ngati khutu la mleme, chokwana m'chikhatho n'kutsala malo. Ndinachitembenuza, ndinachiunika ndi tochi ya foni, ndinachinunkhiza. Pamwamba pake panali Winston Churchill wa pa mapaundi asanu uja. Inu mukudziwa kuti mkuluyu nkhope yake ndi yokwiya kale. Tsopano ganizirani nkhope yomweyo itafota kufika msinkhu wa chala chachikulu, chipumi chitagwera pa mphuno, diso limodzi litasamukira kukhutu, linalo likundiyang'ana ine. Tinayang'anizana nthawi yaitali. Ndinakhala pansi pamatope. Ndinayesa kuwerengera kuti ngati munthu wachepa ndi theka, kodi ndalamayo yatsala mapaundi awiri ndi theka? Mlonda wa pamalopo anabwera, anasuzumira m'dzanja langa, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, mwagunda chiyani?"

Zomwe ndinaphonya powerenga paja n'zakuti pulasitiki ameneyu amayamba kukhwinyata ndi kusungunuka kutentha kukapitirira madigiri 120. Mpope wa ekizozi pafupi ndi injini umapitirira pamenepo kutalitali, ndipo kachitini kotseka kamangosanduka uvuni. Pamene pepala la thonje silipsa mpaka kutentha kutadutsa madigiri 200. Kunena kwina, ndikanangosinthanitsa malo, mwina bwenzi ndikukusekani ndine. Nzeru yonse inali yolondola, inangolowa mozondoka.

Pakati pa chibulumwacho panapulumuka ndalama imodzi, yopindika chabe m'mphepete. Apa ndiye pamene mayi a kunyumba amati ndisamafotokoze. Nditaona kuti madola awongoka bwino ndi simbi yobwereka, ndinati nayonso ndingoidutsitsa kamodzi. Simbi inali pa madontho atatu, pa thonje, pomwe ndi madigiri 200. Sindinaisite n'komwe, ndinangoigusa. Inati fwaa, n'kukakamira kunsi kwa simbi ngati chikumbutso. Ndinalipira simbi ya eni ake. Koma nanunso tanenani zoona: ndani mwa inu anayang'anapo madontho a pa simbi?

Kutacha, wosintha ndalama pamalire anatenga dola yoyamba ndi nsonga za zala, anaiunika kudzuwa, anaikanda pa kolala ya Franklin, n'kuvomera kuti ndi yeniyeni. Kenako anaiyandikiza kumphuno. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, ndalamayi ndi yabwino, koma mwini wake apite kuchipatala." Anasintha ndithu, koma anaziika m'thumba lapadera.

Chibulumwa chija ndikadali nacho. Bank of England imasintha ndalama zowonongeka ngati theka kapena kuposerapo lilipo, ndipo zanga zilipo zonse, zangogwirizana. Fomu ndinaitsitsa pa intaneti. Pali malo ofuna kuti ndifotokoze mmene zinawonongekera. Ndalembapo "njinga yamoto", ndafufuta, ndalemba "kutentha", ndafufutanso. Pakadali pano Churchill akupsinja mapepala patebulo, ndipo ntchitoyo akuigwira bwino.