Ambuya atasiya kuyankha kuti "tili tonse"

Phunziro langa lalikulu ku yunivesite ndi la zachuma. Luso lolemba nkhani ndinalitenga ngati laling'ono, lija amati minor, ndipo tsiku lomwe ndinawauza atate kwathu ku Chipata anangondifunsa funso limodzi: "Nanga nkhanizo zidzagula matumba angati a feteleza?" Sindinayankhe. Mpaka lero yankho ndilibe, koma chaka chachiwiri ndi chino ndikuphunzirabe.

M'kalasi mwathu tilimo ochepa, moti sungabisale kumbuyo kwa mnzako. Aliyense amabwera ndi nkhani yake, amaiwerenga, kenako amatseka pakamwa anzake n'kumaikambirana. Lamulo lake n'lakuti mwini nkhani asadziteteze. Zimapweteka. Umamva anthu akulakwitsa tanthauzo la chiganizo chomwe unachigonera usiku awiri, lilime n'kumakuyabwa, koma umangokhala duu.

Nkhani yanga yoyamba inali ya maliro kumudzi wina kufupi ndi Katete, ndipo ndinailemba m'Chingelezi. Ndinkaikhulupirira kwambiri. Woyamba kuiponda anali mnyamata wa ku Kasama, ndipo poti Mbemba ndi ife akummawa timachita chimbuya, anayamba ndi chipongwe cha masiku onse: "Inu odya mbewa, gogo wanuyu akulankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi." Kalasi yonse inaseka, ine n'kumubwezera mumtima mokha kuti iwo ndi odya anyani. Koma ankanena zoona. Aphunzitsi anandiuza kuti ndilembe kaye mawu onse a gogoyo m'chinenero chomwe iye angalankhule, za Chingelezi tiona pambuyo.

Apa m'pamene ndinadziona umphawi wanga. Chinyanja ndinakhoza bwino ku sekondale, ndimalankhula tsiku lililonse, koma nditagwira cholembera ziganizo zinkatuluka zitavala jekete. Ndinkaganiza m'Chingelezi n'kumavekerera mawu a kwathu pamwamba.

Pa tchuthi ndinakwera basi ya pa Great East Road, kuoloka Luangwa, kufika kwathu usiku. Sabata yonse ndinkapita ku msika wa Kapata ndi kabuku m'thumba, ngati kazitape. Mayi wina wogulitsa nsawa ankakangana ndi kasitomala yemwe ankafuna mbasela yochuluka. Sananene kuti zinthu zadula. Anangotambasula dzanja, n'kuti: "Mwanangu, onani zikhadabozi. Ndinasenda ndekha." Ndinalemba pomwepo nditaimirira, wa njinga wina atatsala pang'ono kundigunda.

Koma mayeso enieni anali kumudzi kwa ambuya. Iwo sadziwa kuwerenga, koma nthano ndi zawo. Tili ana ankayamba kuti "Padangokhala," ife n'kumavomera "Tili tonse," ndipo ukasinza n'kusiya kuvomera ankakugwedeza ndi phazi. Madzulo amenewo tinasinthana malo. Ndinati, "Ambuya, lero mumvere yanga." Anaseka: "Ha, mkazi mnzanga wayamba kundilanda ntchito? Yamba, tikumve."

Tsamba loyamba ankavomera bwinobwino, uku akusenda nsawa m'lichero. Pofika pakati pa tsamba lachiwiri kunangoti zii. Ndinaganiza kuti agona. Ayi, maso anali pa ine.

"Wapitapo kumaliro iwe?"

"Kangapo, ambuya."

"Ndiye unaona kuti wamasiye akuimirira kumanda n'kumalankhula ngati wa chipani? Wamasiye amakhala pansi, anzake atamugwira. Wolankhula ndi mwinimbumba ndi anyakwawa. Nanga manda akukumba ndi ana a malemu? Adzukulu apita kuti?"

Sanalekere pomwepo. Munthu wobwera ndi uthenga m'nkhani yanga anangofika n'kunena kuti uje wamwalira. Ambuya anaika lichero pansi. Anati wauthenga amayamba wakhala pansi, alonjeredwa, kenako n'kuyamba patali: matenda aja akula, tayesa kuchipatala, zakanika, atisiya. Womvayo amakhala atadziwa kale pa mawu oyamba, koma amamulola kuti afike yekha. Ine zonsezi ndinazionapo ndi maso anga kuyambira ndili mwana. Polemba ndinazitaya, n'kutola maliro a m'mafilimu.

Aphunzitsi amakonda kutiuza kuti tisamuuze wowerenga kuti munthu ali ndi chisoni, timuonetse. Ndinkalemba zimenezi m'kope ngati chinthu chachilendo chochokera kutali, osadziwa kuti chinenero chathu chinapangidwira zomwezo. Tikati munthu anagwa chagada kuti phii, kapena magazi anali psuu, kapena m'nyumba munali bii, chithunzi chatha kale. Ambuya amakumbukabe Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya boma, mmene munthu mmodzi ankasinthira mawu kukhala nkhalamba, mwana ndi chidakwa. Pobweza nkhani yanga m'Chingelezi, timawu timeneti ndi tomwe tinandivuta koposa. Tina ndinangotisiya momwemo, ndipo mnzanga wa ku Kasama uja sanadandaule.

Palinso nkhani ya kalembedwe, yomwe imaoneka yaing'ono mpaka utayamba kulemba. Ku Zambia, malamulo a kalembedwe omwe Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 amati tilembe "cakudya" ndi "Cinyanja". Ukangodutsa pa chipata cha Mwami kulowa ku Mchinji, mawu omwewo ndi "chakudya", ndipo chinenerocho akhala akuchitcha Chichewa kuyambira mu 1968. Choipa n'chakuti "ch" wathu ndi "tch" wawo: ife "chire", iwo "tchire". Pa mayeso ndimalemba za kwathu. Pano ndalemba ndi "ch" chifukwa achibale a amayi ali tsidya linalo, ndipo amandinena kuti ndimameza zilembo. Chodabwitsa n'chakuti mwezi wa Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika pa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe amafunsa mnzake kuti amalemba bwanji.

Sindikunena kuti kalasi ilibe ntchito. Ambuya sakanandiphunzitsa kudula ndime zitatu zoyambirira zomwe ndinkangozungulira, kapena kusankha kuti nkhani ionedwe ndi maso a ndani. Nkhani ya maliro ija tsopano ikufotokozedwa ndi mtsikana wa zaka 12 yemwe watumidwa kukatunga madzi a pamaliro, ndipo zambiri akuzimva ali kuseri kwa nkhokwe. Nzeru imeneyi inachokera m'kalasi. Kuwerenga mabuku a anthu ena mofunafuna misoko yake, nakonso ndinaphunzira kumeneko, ngakhale kwandionongera chisangalalo cha kungowerenga.

Ndailemba kachinayi tsopano. Sabata yatha ndinawaimbira ambuya pa foni ya mlongo wanga n'kuwawerengera yonse, mayunitsi akutha. Anavomera "tili tonse" mpaka kumapeto. Kenako anafunsa kuti galu wa malemu, yemwe ndinamutchula pa tsamba loyamba atagona pakhomo, anathera kuti. Ndinali nditamuiwala. Nkhaniyo ikufunika Lachisanu.